Mwendo Umene Tinaika ku Kaduya

Lolemba, 5 Ogasiti 2024

Madalo wafika masana. Watsika minibasi pa Migowi, kabaza mpaka kuno ku Nkhulambe, fumbi m'nsidze momwe. Waonda mwana wangayu. Akuti chakudya cha ku yunivesite n'chabwino, akumudya ndi mabuku.

Abambo ake anamudikira pakhonde, ndodo zawo pambali. Atangomuona: "Eee, wafika dokotala wa achule!" Mpaka kuseka. Ndinali nditaiwala kuseka kwawo. Koma chisekocho chili mkati nkhope inasintha, anagwira m'malere kunsi kwa bondo lamanzere, pamene palibe kanthu. Madalo anaona. Ine ndinathawira kukhitchini.

Ambuye, Inu mukudziwa zonse. Mwendo uja anaudula kuchipatala chaka chatha, mwala wa napolo utauphwanya. Abale awo anakauika kumanda a kwawo ku Kaduya, kuti mwini wake adzaupeze komweko tsiku lake likadzakwana. Bala linapola bwinobwino. Koma amuna angawa, a Howard, akuti zala za phazi limenelo zinapindikira mkati, zikufinya, zikhadabo zikuboola mnofu. Phazi loti kulibe! Sagona, akudya ngati mbalame.

Zikomo pondibweretsera mwana wamoyo.

Lachiwiri, 6 Ogasiti

Kunabwera alamu, a Goliati, akulu awo a a Howard. Madalo anali kumjigo.

Sanazungulire. Akuti abale akhala pansi ku Kaduya ndipo apeza chifukwa: bokosi limene anaikamo mwendo uja linali laling'ono, phazi linalowa mopanikizika, zala zili chopinda. Ndiye mwini wake akumva. Loweruka m'mawa akufuna kukafukula, awongole zala, akulunge m'nsalu yoyera yatsopano, aikenso. A Howard akakhalepo. Nsaluyo ichokere kwa ine mkazi wawo, apo ayi mwambo sugwira.

Ndinati, "Alamu, kufukula manda? Akulu a mpingo akamva andidula. Komanso pamaso pa Mulungu..."

Iwo: "Tikudziwa kuti ndinu a Mvano, alamu. Koma amene akubuulayu ndi mphwanga. Ndinkamubereka kumbuyo ine."

Ndinayang'ana amuna anga. Anali atatsinzina, mano ataluma mlomo. Ndinangomva pakamwa panga pakuti, "Chabwino."

Si anthu oipa a Goliati. Ndi amene anawanyamula m'matope tsiku la napolo lija.

Madalo sindinamuuze.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Ndinamuphera nkhuku mlendo wanga Madalo. Itadulidwa mutu inaphiriphitha monga zimachitira, ine ndikuti gwira isadetse nyama, iye wangoima chilili, maso ali pa nkhuku ngati akuonera mpira. Akuti, "Mwaona Amama? Mutu kulibe koma miyendo ikuthamanga. Msana uli ndi timinyewa take tolamula kuyenda." Ndinati mwana iwe, madzi akuzizira.

Tikusosola anandifotokozera za kusukulu. Chaka chachiwirichi akuphunzira mmene thupi la nyama limagwirira ntchito, makamaka ubongo ndi minyewa. Akuti m'labu amatenga mwendo wa chule wakufa, n'kukhudza mnyewa wake ndi kamagetsi pang'ono, mwendo uja n'kukankha. Akuti nafenso tili choncho, uthenga umayenda m'thupi ngati timagetsi. Ndinafunsa, nanga mzimu uli pati? Anaseka: "Limenelo silinabwere pa mayeso, Amama." Sindinaseke nawo. Ambuye, musalole mabuku andilande mwana.

Titadya anakakhala pamphasa pafupi ndi abambo ake. Ndinamva akuti, "Ababa, chala chiti chikupweteka kwambiri?" Palibe amene anawafunsapo choncho. Tonse timangoti pepani, kapena iwalani, kulibe mwendo kumeneko. Iwo anayankha ngati mwana wofunsidwa ndi aphunzitsi: chachikulu, ndi chotsatira.

Ndiye anawauza. Ndilembe ndisanaiwale. Akuti mu ubongo chiwalo chilichonse chili ndi malo ake, ngati m'mudzi mmene aliyense ali ndi nyumba. Phazi linachoka koma nyumba yake ikadali chiimire. Ubongo ukuitana, "Tambasuka!" Kuli zii. Ukuitananso mokweza, kuli zii. Ululuwo ndi kukuwa kumeneko.

Abambo ake: "Ndiye ukuti ndazungulira mutu?"

"Ayi Ababa. Ululuwo ndi weniweni. Anthu ambiri odulidwa amaumva. Ngakhale agalu ndi amphaka odulidwa mwendo amaonetsa zizindikiro zake."

"Basi, ndasanduka chule wako."

Koma kenako anapempha chiwindi chimene anachikana poyamba.

Madzulo tikutsuka mbale anandifunsa za a Goliati. Wamva kwa anzake kumjigo, nkhani siibisika kuno. "Amama, simunavomere eti?" Ndinati ayi.

Dzulo chabwino, lero ayi. Mlomo womwewu umene ndimaimbira m'tchalitchi. Ndichitireni chifundo.

Lachinayi, 8 Ogasiti

Tsiku loipa.

Madalo (ndizingolemba M.) anati pali njira ina imene anaphunzira. Pafunika galasi lalitali. Lathu linapita ndi madzi, tinangotsala ndi kakang'ono kometera ndevu. Ndiye pochokera ku Mvano ndinadutsira kwa a Jonathan atelala kukabwereka lawo lija loyesera zovala. Ndinalikulunga m'chitenje, kulisenza, ndili m'yunifolomu yanga yoyera.

Pa mlatho ndinakumana ndi Mayi Aliness, apampando athu. Mphepo inaulutsa chitenje, galasi lonse poyera, iwo n'kudziona okha ali pamutu panga. Anati, "Mayi Fanny, galasi lonseli mukupita nalo kwa wodwala? Mwayamba zoombeza?" Anaseka, koma maso sanaseke. Ndinati ndi za kusukulu kwa mwana. Iwo: "Oho. Za kusukulu." Pofika Lamulungu mpingo wonse udzakhala utamva kuti kwa Fanny akuonera mizimu m'galasi. Chikhala akudziwa za Loweruka!

Kunyumba M. anakhazika abambo ake pamphasa, atatsamira khoma. Anaimika galasi pakati pa miyendo, loyang'ana mwendo wabwino, chitsa chija chitabisika kuseri. Akuti maso akaona mapazi awiri akutambasuka, ubongo mwina ukhulupirira kuti yankho labwera.

Ndinaima kumbuyo kwawo. Ambuye! Miyendo iwiri. Amuna anga athunthu, monga ankakhalira pobwera kumunda, mapazi onse ali gwa kutsogolo. Ndinagwira pakamwa.

M. akuti, "Ababa, gwedezani zala pang'onopang'ono, zonse mbali ziwiri." Iwo sanagwedeze kanthu. Anangoyang'ana, kuyang'ana. Kenako motsitsa mawu: "Chotsani." M. anati tangoyesani kamodzi. Anakuwa: "Ndati chotsani! Mukundionetsa maliro anga?" Anatembenukira kukhoma.

M. ndinakamupeza kuseri kwa khitchini, pamulu wa makoko a nandolo, akulira. "Amama, ine ndinangoziona pa zithunzi m'kalasi. Funso lake ndinalikhoza bwino pa mayeso. Koma ndagwirapo achule basi, sindinagwirepo munthu. Ndawapweteka." Ndinamukumbatira. Tsitsi lake likununkhirabe ngati ali wakhanda, kaya ndi maganizo anga chabe. Ndinangomupukuta ndi duku la Mvano.

Sanadye onse awiri.

Lachisanu, 9 Ogasiti

M'mawa ululu unakula. Ndinapita pamsika, ndinagula nsalu yoyera. Ndaisita, ndaibisa pansi pa matiresi.

Masana M. anakwera kuchulu kukasaka netiweki, akuti alembere aphunzitsi ake. Atangochoka, a Howard anandiitana monong'ona: "Mayi a Madalo, tabweretsani chinthu chija. Mwana asaone."

Ndinaliimika monga anachitira M., ndikuligwira m'mwamba kuti lisagwe. Poyamba anayang'ana kumbali. Kenako anati, "Phazi ili n'lakumanja, likungonamizira." Ndinati inde, koma liyang'aneni. Anayamba kugwedeza zala, kupinda, kutambasula. Thukuta pamphumi ngati akulima. Tinakhala choncho mpaka mkono wanga kuchita dzanzi.

Ndiye: "Kakang'ono kagwedera."

Ndinati kati?

"Kakumapetoko. Ka uko." Analoza kuseri kwa galasi.

Ndinafuna kugwada pomwepo. Koma titachotsa galasi sipanatenge nthawi, kufinya kunabwerera. Anati, "Mwina ndangodzinamiza. Achimwene abwerebe mawa." Ndinawafunsa ngati iwo eni akufunadi kukafukula. Anati, "Ine ndikungofuna kugona, Fanny." Dzina langa sanalitchule kalekale.

M. anabwera ndi yankho. Aphunzitsi ake akuti zimafuna pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, ena zimawathandiza ena ayi, asawakakamize, ndipo tiwatengere kwa a fizo, aja olimbitsa ziwalo kuchipatala, iye asadziyese dokotala. Anawerenga mawu omalizawo kawiri, akudziseka yekha. Za kachala kaja sindinamuuze, anandiletsa eni ake. Zobisa zandichulukira m'nyumba muno.

Mawa. Ambuye, sindikudziwa chopempha. Musankhe Inu.

Loweruka, 10 Ogasiti

A Goliati anafika dzuwa litangotuluka, pa njinga yamoto yahayala yoti itenge a Howard. Akuti amuna ndi makasu akudikira kale ku Kaduya. Wanjinga sanazimitse n'komwe injini.

"Alamu, nsalu ija."

M. anali akusesa. Anaimika tsache. "Nsalu yanji, Amama?"

Ndinalowa m'nyumba, ndinaitulutsa, ndinaima nayo pakati pa bwalo. Ndinati, "Alamu, kwa inu ndinavomera. Madalo, kwa iwe ndinakana. Nsalu ndi iyi, ndagula ndekha, koma kuipereka manja akukana. Ndikuopa Mulungu, ndikuopanso kuwaona bambowa akutha ndikuona. Ndiweruzeni mmene mungafunire." M. anandiyang'ana, ndinaona kuti zamupweteka, koma anabwera kudzaima pafupi nane.

A Goliati anayamba kukalipa, kuti anthu asiya ntchito zawo, kuti sitingawachititse manyazi chotero. Ndiye a Howard ali pamphasa anati, "Achimwene, tisananyamuke, taonani kaye chinthu china. Madalo, tenga galasi lako."

M. anadabwa. Anathamanga.

A Goliati: "Za sukulu ya achule zija? Iwe mwana, takutuma kukaphunzira kuti uzidzatiseweretsa ndi magalasi a atelala?"

"Abambo aakulu, sindikulonjeza kanthu. Tangoimani apa, kumbuyo kwawo."

Anaima monyinyirika, manja m'chiuno. Anaweramira. Ndinaona msana wawo ukuuma. Anavula chipewa. Anati, "Howard..."

A Howard anati, "Dzulo kakang'ono kanamvera. Chachikulu chikukana. Ndayesa, chakanika."

A Goliati anazungulira, anagwada pamphasa, mawondo awo olira aja. Anatenga phazi lamanja la mphwawo m'manja onse awiri. Anafunsa M., osamuyang'ana, "Ndingaligwire?" Iye anati, "Gwirani. Ababa, inu musayang'ane abambo aakulu, yang'anani m'galasi. Pindani kaye zala mmene zilili kwinako."

Anapinda. A Goliati anayamba kuwongola chimodzichimodzi, kuyambira kakang'ono, modekha, akusisita ndi chala chawo chamanthu chokakala chija, akuyankhula motsitsa m'Chilomwe ngati akunyengerera mwana. M'galasi manja omwewo anali pa phazi lamanzere. Atafika pa chachikulu anachigwira nthawi yaitali, kenako anachikweza pang'onopang'ono.

A Howard anatulutsa mpweya wautali, mapewa anagwa. Misozi ikutsikira m'ndevu. "Pamenepo. Musasiye, achimwene. Chagona pansi. Musasiye."

Kumsewu wanjinga analiza hutala. A Goliati sanadzutse mutu. Anati, "Alamu, kamuuzeni azimitse injiniyo."

Ndinapita kukamuuza, nsalu ikadali m'khwapa.

Ndikulemba nditakhala pakhomo la khitchini. Sindikudziwa ngati kufinya kubwerenso madzulo, kapena a ku Kaduya anena chiyani. M. wagwirizira galasi ndi bondo, mkono watopa koma akukana kuti ndimulandire. A Goliati akadali chogwada. A Howard mutu wayamba kuwezuka ndi tulo.