Thanga la bwato lanu lili padenga

Bambo a Joy,

Ndathamangira kuchipatala ku Luchenza, Joy akutsokomola kwambiri. Mphepo ija mwakhala mukuidikira kuti muyese bwato lanu padamu la esiteti yafika ndithu, a Kaputeni. Yabwera ndi chiperoni, mvula mpaka pabedi. Bwato munalimata phula bwinobwino, silikudontha ngakhale pang'ono. Ikudontha ndi nyumba, paja pepala la pulasitiki lapadenga ndi lomwe munasokera thanga lokolera mphepo. Pepanitu, ndalimasula, ndakwera ndekha kulibwezera padenga.

Mukaweruka kothyola tiyi, mulimange bwino kusanade, ine ndangolipsinja ndi miyala. Mabulangete muwaumitse pamoto. Ngati thangalo mukulifunabe, tengani ndi mphasa yomwe, mukagone m'bwato mwanumo. Pakhomo pano mouma ndi momwemo.

Ndine Mayi a Joy