Kompyuta ya Abambo

Lolemba, 3 Marichi
Bedi la odwala la abambo likubwera Loweruka, ndipo malo ake ndi pomwe pali chikompyuta chawo chakale, chimene ankalemberapo anthu makalata. Achimwene apeza wogula, munthu wotolera zinthu zamakedzana. Akuti akufuna aione ikuyaka. Zaka 19 ili pansi pa nsalu. Ine ndi poyatsira pomwe sindipadziwa.

Lachiwiri, 4 Marichi
Ndimati ndingoilumikiza kumagetsi, okonza mawailesi a kuseri kwathu andigwira dzanja. Akuti chinthu chogona zaka zonsezi sachidzidzimutsa, chimapsa. Atsegula. Fumbi, mphemvu zouma, kabatire kotupa kotuluka zoyera ngati mchere. Ine yanga kugwira tochi basi.

Abambo lero anditchula anesi. Dzulo ndinali mlongo wawo.

Lachitatu, 5 Marichi
Palibe chachitika, tikudikira kachipangizo kena. Ndalira kubafa mpopi uli chitsegulire.

Lachinayi, 6 Marichi
Okonza aja amangirira babu pakati pa waya wa magetsi. Likawala kwambiri tizimitse msanga, likazilala ndiye kuti zili bwino. Lawala kwambiri, ndi kafungo ka pulasitiki wopsa. Achimwene pafoni angoti ndilimbikire. Kulamula uli kutali n'kokoma ndithu. Ndatopa, ndipo sindikudziwa chochita.

Lachisanu, 7 Marichi
Okonza akonzanso pomwe panapsa, babu lazilala. Kompyuta yalira kamodzi, kenako zilembo zobiriwira mbuu. Koma mkati mukugogoda. Okonza akuti ndi disiki yosunga zolembedwa, yatheratu, tikazimitsa mwina sidzadzukanso. Tiisiye yoyaka mpaka wogula aione.

Abambo, amene miyezi inayi sanyamuka pampando popanda kuwakoka, atamva kulirako abwera okha, akugwira khoma. Akhala pansi, akonza kiyibodi, zala zayamba kuthamanga. Sakuphonya ngakhale chilembo. Okonza anangolongedza zida zawo mwakachetechete n'kutuluka. Chakudya chamasana abambo adyera pomwepo, okha, osawadyetsa.

Loweruka, 8 Marichi
Abambo adzuka ine ndisanadzuke, avala ndi tayi yomwe, yopindika. Pofika 9 koloko wogula ali pageti, galimoto ya bedi kumbuyo kwake. Achimwene aimba katatu, sindinayankhe.

Ndalowa kuti ndiwauze abambo kuti kompyuta ikupita. Mawu ndinawakonzeratu kukhitchini, koma pakhomo athawa onse. Abambo sanacheuke n'komwe.

"Khalani pabenchipo mayi, musadandaule. Ndikamaliza iyi ndilemba yanu."

Benchi mulibe m'chipindamo. Ndakhala pansi, nditatsamira khoma. Kunja akuimbabe hutala.