Mbale yachinayi ili ku Likoma

Lachiwiri, mwezi wa Agosto, ku Nkholongue. Mwera tsiku lonse, mtima wolemera.

Barnaba Mkwepu ndiye anandilakwira. Padiri wa ku mishoni atachoka tinagawana katundu wake. Ine ndinapatsidwa galamafoni ndi mbale zinayi za nyimbo imodzi yaitali. Barnaba anati munthu mmodzi sangatenge zonse, nalanda yachinayi, chonsecho alibe poyiimbira. Nkhondo itafika anathawa nayo ku Likoma.

Lero ndafukula zitatu zanga pansi pa mpapaya. Masingano anatha kale, ndiye ndasongola munga, ndatsekanso nsanza pakamwa pa galamafoni kuti asilikali asamve. Padiri ankati wopeka nyimboyi ngakhale kwawo ku Ulaya anamuiwala. Mulibe mawu, mulibe ng'oma, ndi zingwe ndi malipenga basi. Mbale yachitatu imathera pomwe malipenga ayamba kukwera. Mathero a nyimboyi ndinawamva kamodzi kokha ndikusesa khonde la padiri, ndipo anandithawa m'mutu. Chimwalirire akazi anga, palibe womvera nane.

Alide, msodzi amene amawoloka mobisa kupita ku Likoma, anaima pampanda.

"Akulu, anzanu akukwirira chinangwa, inu mukukwirira phokoso?"

Ndinamufunsa ngati anaiona mbale ija kwa Barnaba. Anaseka.

"Ilipo! Amavundikira mtsuko wa madzi. Akuti imakwana bwino."



Chipepeso cha Barnaba sindikuchifuna. Ndisanafe, Barnaba abweretse mbaleyo, ngakhale yokandika, ndimve kumene malipenga aja ankapita.