Moto Wotsalira M'bokosi la Maikolofoni

Lachinayi, mwezi wa Okutobala. Kuno ku Golomoti kwatentha tsiku lonse, koma mtima wanga uli m'malo.

Lero ndayatsa koyamba maikolofoni yakale ija amalume anabwera nayo kuchokera ku Joni. Mkati mwake muli kababu, ndipo sigwira ntchito popanda bokosi lake la magetsi. Amalume anandichenjeza pa foni: "Uzilumikiza chingwe bokosi lili lothima. Ukayatsa, udikire kababuko katenthe. Ukathimitsa usazule msanga, bokosilo limasunga moto woti n'kukugwetsa."

Ndinatsatira zonse. Akazi anga, Amayi a Tadala, anavomera kuyimba kuti ndiyese, nyimbo ija amayimba akamapeta mpunga. Mawu awo anatuluka ofewa ngati akundinong'oneza.

Nyimbo ili mkati, magetsi anathima. Chipsereni wailesi yathu magetsi atabwerera mwamphamvu, iwowa amathamangira kuzula chilichonse. Anazula pulagi kukhoma, zomwe zinali bwino, kenako dzanja linalunjika pa chingwe cha maikolofoni. Ndinaligwira lisanafike.

"Dikirani, muli moto m'bokosimo."

"Magetsi athima, moto uchokera kuti?"

Ndinawafotokozera zomwe ananena amalume. Tinakhala pamkeka kudikira, dzanja lawo lidakali m'manja mwanga. Sindikukumbuka kuti ndinaligwira liti komaliza chonchi.

Patapita kanthawi anafunsa, "Abambo a Tadala, mumaopera ine kapena maikolofoni?"

Ndinati ndimaopera iwo. Anaseka, n'kunena kuti mawa ayimbanso, magetsi akathima aone kuti ndiyamba kugwira chiyani.