Thole Lomaliza la kwa Atate

Lolemba, 8 Julaye
Chifunga kuyambira m'mawa. Ndaphwetsa matayala, takwera ndi alendo pamilu ya mchenga. Mayi wina wandifunsa zoti aone m'dziko muno. Ndamutchulira monga anatiphunzitsira abwana: mchenga wofiira, akatumbu a kunyanja, njovu za ku Etosha. Za kwathu ku Okakarara sindinanene. Ndani angalipire kukaona makola opanda ng'ombe?

Mwana wathu watha miyezi iwiri, dzina alibe. Mayi ake, Veripi, angomuti Kamwana. Kwathu dzina limaperekedwa pamoto wopatulika wa makolo, atate atagunditsa mphumi yake ndi ya thole loti likhale lake. Inenso anandichita choncho.

Lachitatu, 10 Julaye
Aimba foni achimwene Ngurimuje ali kumudzi. Chilala chasiya thole limodzi, Loweruka aligulitsa lisanafe. "Bwera, wa m'tauni iwe. Kapena mwanayo umugunditsa ndi tayala?" Iwo kuseka. Ine ayi.

Abwana akuti Julaye ndi mwezi wa alendo, ndikapita ndisabwerenso.

Lachinayi, 11 Julaye
Tsiku lonse maganizo kumudzi. Fumbi la ng'ombe pobwera kudambo, fungo la ndowe, ife ana kudikira atate alawe chambiko m'chipanda ndiye timwe. Kuno mkaka wa m'katoni, aliyense angotsegula.

Veripi: "Ntchito ikatha tidya mchengawu, bambo ake?"
Ine: "Nanga mwanayu akadzadwala, makolo adzamudziwa kuti ndi ndani?"
Kenako ndaona akupinda matewera a pa ulendo.

Lachisanu, 12 Julaye
Makiyi a galimoto ndasiya kwa mlonda wa kuntchito. Tili m'minibasi, ulendo wa kumudzi. Mwana akukhosomola pang'ono.

Loweruka, 13 Julaye
Tapeza galimoto la wogula lili kale pakhola. Atate achepa thupi, koma mawu ndi omwe aja pouza wogulayo: "Dikirani, bambo, mwini wake wafika."

Thole silikuima. Talinyamula ine ndi achimwene mpaka pamoto, lopepuka ngati mbuzi. Atate aitana makolo mmodzimmodzi, agunditsa mphumi ziwirizo. Mwana walira, thole lamunyambita khutu.

"Uahatjiri," atero atate, kumutcha dzina.

Wogula wapita chimanjamanja, akutukwana. Achimwene andiyang'ana. "Chabwino, m'busa. Ulidyetsa chiyani?"

Mawa ndidzuka kukatola nyemba za mitengo yaminga zodyetsa thole. Matumba awiri ndabwereka kale.