Mundisungire Pamphumi Panu

Volos, Girisi
6 Okutobala

Okondedwa achimwene a Dambar,

Landirani moni wochokera kuno kutsidya kwa nyanja. Muli bwanji inu, alamu anga a Sumitra ndi ana? Nanga Amayi, chifuwa chija chinaphwa? Ndikhulupirira kuti mvula yaleka bwino ndipo mpunga wayamba kucha m'munda wakumtunda uja. Ine thupi lili bwino, bondo lija linasiya kutupa. Mtima wokha ndiwo suli m'malo.

Mudabwa kuti ndalemba kalata ngati munthu wakale pomwe foni ndili nayo. Ndakuimbirani kasanu ndi kawiri chiyambire mwezi watha, simunayankhe, ndipo sindikukudandaulani. Ndinangoganiza kuti pepala lokha simungalidule pakati. Ndapatsira Goma, mayi wa kwathu, wa ku tauni ya Ghorahi, amene amathyola zipatso m'minda ya kuno. Akunyamuka Lachinayi kubwera kumeneko.

Za kuno ndi zomwe zija. Tasewera kasanu, tapambana katatu, ine ndamwetsa zigoli zinayi. Mphepo ya panyanja yayamba kuzizira ndipo imalowa mpaka m'mafupa. Chakudya chawo chilibe tsabola, choncho ndimadziphikira ndekha mpunga ndi dal, msuzi wathu wa nyemba uja, koma amene amapala mphika ndi Efua, goloboyi wathu wa ku Ghana, amene ndimagona naye chipinda chimodzi. Ochemerera dzina langa limawakanika, amangokuwa kuti Kopi, Kopi. Akuti ndine wamfupi koma ndimaluma ngati linthumbu.

Komatu si zimene ndalembera. Ndikungozungulira ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo, chifukwa cha manyazi.

Kanema uja wa ine ndikuyankha mtolankhani munamuona. Amayi anandiuza kuti munamuonera pa sitolo ya tiyi ya a Hukum, pa foni ya munthu wina, anthu atakuzungulirani. Ndikufuna mumve kwa mwini wakene mmene zinakhalira, osati kuti ndidzichotse mlandu ayi.

Linali tsiku lija ndinamwetsa ziwiri. Titatuluka m'bwalo anabwera mtolankhani wamkazi ndi womasulira wake. Anandikhazika pabenchi n'kuyamba kundifunsa za kwathu. Ndinamuuza za munda, za njati yathu yoweta ya mkaka, za bwalo la pasukulu lodzaza miyala lija. Ndinaona nkhope yake ikuzirala, maso ali pawotchi. Kenako anafunsa ngati panali wina amene ankandiletsa kusewera. Ndinati analipo. Pamenepo anawongola msana. Anafunsa ngati anali bambo anga, ine ndinati Bambo anatisiya ndili wamng'ono. Ndiye anafunsa za inu, ngati mlongo wanga ankandimenya.

Achimwene, ndinavomera. Palibe anandikakamiza, womasulira sanalakwitse kanthu, funso ndinalimva bwinobwino. Ndinavomera, ndipo nditaona kuti maso ake awala, ndinawonjezera. Ndinatenga zija anachita amalume a Tek Bahadur, zoponya nsapato zanga za mpira pamoto, n'kukusenzetsani inu. Amalume sindinawatchule chifukwa ndimawaopa mpaka lero. Inu sindinakuopenipo chibadwire, ndiye ndinasankha inu.

Ndinkafuna kuti nkhani yanga ikome. Ndinali nditaona atsikana ena akutchuka ndi nkhani za kumenyedwa, ndipo yangayi, ya mtsikana amene kwawo anamuthandiza, ndinaiona yozizira. Ndinadzinamiza kuti ndi kanema wa Chigiriki, ndani wa kwathu ku Dang angamuone. Sabata isanathe wina anali atalembamo kale mawu a chinenero chathu, n'kumwaza paliponse.

Chimene chikundipha n'chakuti choonadi chinali chokoma kuposa bodza ndinanenalo. Kumweta udzu wa njati m'mawa inali ntchito yanga, monga mtsikana aliyense pamudzi pathu. Inu munkatenga dengu langa ndi chikwakwa n'kukwera phiri, kuti ine ndikathamange pabwalo. Zaka zinayi, achimwene, dzinja ndi chilimwe. Amuna a pa sitolo ya a Hukum ankakukuwizani kuti achemwali a Dambar, n'kumafunsa kuti mukwatiwa liti ndiponso akugulireni zibangili za mtundu wanji. Inu munkangowayankha kuti zofiira, zigwirizane ndi dengu. Lamba wa dengu lija, wokoleka pamutu uja, anakudyani tsitsi pamwamba pa mphumi ndipo mpaka lero silinamerenso.

Nsapato zomwe amalume anaotchazo zinali zanu. Munakanikiza nsanza kuzala kuti zindikwane. Ataziponya pamoto, ndinu munazivuula ndi dzanja, ndipo tsiku lokayesedwa mpira ku Ghorahi ndinasewera ndi zomwezo, imodzi yopserera kuchidendene. Munandikweza panjinga ulendo wonsewo, dzanja lili lomanga. Zonsezi zinali m'mutu mwanga pamene ndinkavomera funso lija.

Amayi ananditsuka pafoni mpaka khutu linatentha. Akuti miyendo yanga inapita kutali koma nzeru ndinaziiwala pakhomo. Akutinso njati imamudziwa amene amaimwetera udzu, imalira ikamuona, koma ine ndalephera kufika pa njati.

Anandiuzanso kuti makolo atatu a kutsidya kwa mtsinje, amene sakudziwani bwino, achotsa ana awo aakazi ku timu mumaphunzitsa Loweruka ija. Ati sangapereke mwana m'manja mwa munthu womenya mlongo wake. Amene akudziwa zoona nawo akungoseka, ati kodi achemwali a Dambar ankamenya ndi dengu kapena ndi zibangili. Ndipo akuti inu simunadziteteze n'komwe. Kanema atatha munamaliza tiyi wanu, n'kunena kuti chigoli chachiwiri chija mwanayu wachimenya bwino, n'kutuluka. Mukanandilalatira, achimwene, bwenzi ndikupuma. Mawu amenewo ndi amene akundidya.

Tsopano ndifike pa chimene chandiliza. Amayi akuti chaka chino mwapempha Radhika, mwana wa azakhali, kuti adzakupakeni tika, utoto wa dalitso wa pamphumi uja, pa tsiku la alongo la chikondwerero cha Tihar. Chiyambire ndili ndi zaka zisanu, ndine ndinkakuzungulizani mafuta, kukuvekani mkanda wa maluwa ndi kukupakani mitundu isanu ndi iwiri pamphumi, kupempha kuti imfa ikulambalaleni. Zaka ziwiri zomwe ndakhala kunja kuno munakana aliyense. Munkati mlongo muli naye mmodzi, mphumi idikira, ndipo munkayenda pamudzi tsiku lonse pamphumi pali pambalambanda anzanu onse atapakidwa. Tonse tikudziwa kuti amene wakupaka tika tsiku limenelo wakhala mlongo wako mpaka kumanda. Ndamva chimene mukundiuza, ndipo mwalondola.

Ndikuuzeni zimene ndachita, ngakhale n'zochepa. Lachitatu ndinapita kwa mtolankhani uja n'kumuuza kuti ndinanama. Anapukusa mutu, ati nkhani yokonza palibe amaionera, ndingoiwala. Ndiye Efua anandijambula ndi foni pabwalo pomwe paja, ndikuyankhula chinenero chathu. Ndinanena zonse, za dengu, za nsapato, za dzanja lanu. Za amalume ndinangoti anali wachibale wina, poti kuwononga munthu mmodzi kwandikwana. Amene aonera ndi ochepa poyerekeza ndi kanema woyamba uja, ndipo ambiri akungonditukwana kuti ndine wabodza. Sakunama. Chonde alamu akawaonetse kanema watsopanoyu makolo atatu aja, ana asavutike chifukwa cha pakamwa panga.

Anzanga a mu timu nawo ndinawauza. Kapiteni wathu, amene analira tsiku lija ataonera kanema woyamba mpaka kundikumbatira, masiku ano amangondipatsa mpira osandiyang'ana kumaso.

Kenako ndinapita kwa kochi kukapempha masiku khumi. Anandifunsa ngati kwathu kwagwa maliro. Ndinati ayi, ndikukapaka mlongo wanga utoto pamphumi. Anandiyang'ana ngati ndapenga. Ati masiku khumi ndi masewero awiri, ndipo pali mtsikana wa ku Serbia amene malo angawa akuwalakalaka. Ati ndikapita ndidzapeza benchi ikundidikira, ndipo za chaka chamawa sakulonjeza kanthu. Ndinamuuza kuti ndamva. Tikiti ndagula kale. Ndikatsika ku Kathmandu ndikwera basi ya ku Tulsipur, ndipo msewu ukakhala bwino ndifika m'mawa wa tsiku la tika lenilenilo.

Musaganize kuti ndikunena izi kuti mundimvere chisoni. Mpirawu ndi wanu. Munaumweta paphiri, dengu ndi dengu. Ngati uthere pamenepa, ndautha ndekha ndi lilime langa.

Pempho langa ndi limodzi lokha. Musalole Radhika akupakeni basi yanga isanafike. Sindikupempha kuti mundikhululukire m'kalata, chifukwa ndinakunyozani pamaso pa anthu ndipo ndiyenera kugwada pamaso pa anthu. Mungodikira mundione kaye. Mukandiona n'kunena kuti ayi, ndidzaima pakhomo, ndidzamugwirira Radhika mbale ya mafuta, ndipo simudzamva mawu anga. Akuluakulu amati chibale ndi fupa sichiwola, koma ine ndaonapo mafupa akuthyoka pabwalo, choncho sindikudalira mwambi. Ndikudalira inu basi, monga kale.

Amayi akuti maluwa a makhamali ndinadzala kuseri kwa khola aja akuphukabe chaka ndi chaka. Alamu asawatunge, mkanda wanu ndidzatunga ndekha ndikafika. Ndipo masiku onse amene ndidzakhale kumudziko, udzu wa njati ndi wanga. Dengu mundisungire, ndidzadutsa nalo pa sitolo ya a Hukum m'mawa uliwonse, aseke ine tsopano.

Mundiperekere moni kwa Amayi, muwauze kuti mawu awo anandifika onse, palibe linagwa panjira. Moni kwa alamu anga, amene ndikuchita nawo manyazi kuposa mmene ndingalembere. Ana anu, Bimal ndi Junu, muwauze kuti azakhali awo akubwera, ndipo Junu asasiye mpira. Moni kwa azakhali, ndi kwa Radhika amene sanalakwe kanthu. Amalume nawonso muwapatse moni.

Mukandilola, achimwene, tika ya chaka chino ndidzayambira pamwamba penipeni, paja lamba anadya tsitsi.

Ndine mlongo wanu, ngati mukundiwerengabe,

Kopila