Foni ya alamu ili mu mpunga

Achemwali,

Musaphike mpunga wa m'chidebe chofiira chija, muli foni ya alamu. Pepani, wolakwa ndine. Anaiiwala m'thumba la ovolosi, ine n'kunyika ovolosiyo m'beseni osayamba ndapisa m'matumba monga mumandiuzira. Pochapa ndinangomva chinthu cholimba, kutulutsa ndi foni! Yakhala m'madzi a sopo mwina mphindi khumi.

Ndaipukuta n'kuikwirira mu mpunga monga ndinaonera pa intaneti, kaya zimathandizadi kaya. Chonde musaiyatse kapena kuiika pa chaja, ngakhale alamu akakamize, akuti mukatero ndiye imapseratu mkati. Simu khadi yawo ndaiika m'kafoni kanga ka mabatani, kali pawindo, kuti akuntchito amene analonjeza kuwaimbira lero aja asawasowe. Kakalira muyankhe msanga, batani lake ndi lofufutika lija.

Ine ndathamangira kwa wokonza mafoni kukafunsa ngati zithunzi za mwana wanu zimene zili m'foniyo zingapulumuke. Alamu akafika muyambe ndinu kuwauza, ine ndikuopa. Mukaona kuti nkhope yachita mdima, muwaonetseko ovolosi. Yokhayo ndiye yayera bwino.

Ndine mng'ono wanu